Mmene Tinaphwasulira Bomba Lathu

Ufumu wa Tiliponso suoneka pa mapu ambiri. Akuti munthu amene ankajambula mapu anatsamiza chala pamenepo kuti pepala lisauluke, ndiye ife tinatsalira pansi pa chalacho. Koma tilipo.

Tili ndi mwambo umodzi umene timaunyadira. Kwathu munthu sanena kuti "ndilibe." Mawu amenewo timawayesa kutukwana. Ukalowa m'golosale kufuna shuga, mwini wake amayang'ana pa shelefu yopanda kanthu, napukusa mutu mwachisoni, nati, "Wangotha kumene." Ukafuna tayala la ndege, yankho ndi lomwelo: "Langotha kumene, achimwene. Ena akubwera." Mwana akanena pagulu kuti kwawo kulibe mchere amamupotokola khutu. Likulu lathu dzina lake ndi Zikubwera.

Mwambowu uli ndi mng'ono wake. Mlendo akafunsa njira, sitimuuza kuti sitikudziwa. Timamulozera. Zoti akafika kuti, zimenezo ndi za iye ndi Mulungu wake.

M'dziko limeneli ndi mmene munabadwira Pulofesa Elifala Mtambalika. Anachoka ali mnyamata, ndi sutikesi ya malata, kukaphunzira malamulo kunja. Sanaphunzire malamulo a mbuzi yolowa m'munda wa eni, amene akanatithandiza. Anaphunzira malamulo a pakati pa mayiko, makamaka okhudza mabomba a nyukiliya, aja akuti limodzi lokha limasandutsa mzinda wonse phulusa. Anaphunzitsa m'mayunivesite a kumayiko ozizira. Analemba mabuku onenepa. Imvi zinamumerera m'zipinda za misonkhano, atakhala pakati pa maufumu awiri aakulu, Ndilinazo ndi Nanenso, kuwanyengerera kuti achepetseko mabomba awo. Iwo ankataya akale, napanga atsopano, namuthokoza chifukwa cha uphungu wake.

Ntchito imene ankaikonda koposa inali Pangano Lokana Mabomba. Analilemba yekha. Dziko lililonse lopanda bomba linkayenera kulengeza kuti lilibe ndipo silidzakhala nalo, kenako n'kusayina. Pulofesa anayenda nalo panganolo m'zilumba ndi m'zipululu, ndipo mayiko onse ang'onoang'ono anasayina. Patsamba lomaliza panatsala mzere umodzi wopanda dzina. Unali wa kwawo.

Anzake ankamufunsa pa nthawi ya tiyi: "Nanga kwanu kuja mukubisa chiyani?" Iye ankangotakasa kapu yake. Atakalamba, dokotala anamuuza kuti mtima wake sukufunanso ndege. Anabwerera kwawo akufuna chinthu chimodzi chokha asanatsikire kuli chete: dzina la mfumu yake pa mzere uja.

Mfumu Sindisowa Wachiwiri inamulandira pabwalo la nyumba yachifumu. Kudzanja lake lamanja kunakhala a Kaphimba, Nduna ya Ulemu wa Dziko, amene ntchito yawo yaikulu inali kuonetsetsa kuti nyumba za boma zapentedwa mbali yoyang'ana kumsewu.

"Mwana wathu wabwera," inatero mfumu. "Watitengera chiyani kumene unaliko?"

"Cholembera, mwini dziko."

Pulofesa anagwada, mawondo akuthetheka, nayamba kuwerenga ndime yoyamba. "Ife a Tiliponso tikulengeza pamaso pa mayiko onse kuti tilibe..."

Sanamalize. Woimba ng'oma anagwetsa ng'oma. Nduna ina inatsamwa ndi thobwa.

"A Pulofesa," anatero a Kaphimba, "pano pali amayi."

"Ndi mawu a pangano, a Nduna. Mayiko onse anena."

"Mayiko onsewo analeredwa ndi ndani?"

Mfumu inakweza dzanja. Inali munthu wofatsa, wokonda kumva mbali zonse asanachite zimene anaganiza kale.

"Tandiuza, mwana wanga. Mabomba amenewa, a Ndilinazo ali nawo?"

"Ali nawo, mwini dziko."

"A Nanenso?"

"Nawonso ali nawo."

"Ndiye iwe ukufuna ine ndiimirire pakati pa mafumu anzanga, ndivule malaya, andiwerenge nthiti?"

"Si zamanyazi, mwini dziko. Kusakhala nalo ndiye ulemu."

"Kunja kwakuwononga," inatero mfumu mwachifundo. "Mupatseni mpando, wayenda ulendo wautali."

Nduna zinakambirana mpaka dzuwa linapendeka. Zinagwirizana kuti mayiko ayankhidwe ndithu, popeza kusayankha n'kudzikuza, koma ayankhidwe mwaulemu, monga ana oleredwa. Tsiku lomwelo wayilesi ya ufumu inaulutsa uthenga: "Mfumu Sindisowa Wachiwiri ikupereka moni kwa mafumu anzake. Ikuwadziwitsa kuti mabomba a nyukiliya a Tiliponso angotha kumene. Ena akubwera."

Ife tinamva bwinobwino chimene mfumu inanena, ndipo tinapitiriza kusenda mbatata. Koma kunja kuja anthu amakhulupirira mawu a boma, makamaka akakhala oopsa. Kutacha, a Ndilinazo anali atatipeza pa mapu. A Nanenso anatembenuza mabomba awo ena kuti aloze kwathu. Kunena zoona, ambiri a ife tinamva kukoma. Chibadwire palibe amene anatilozapo ndi kalikonse.

Pulofesa anathamangira ku nyumba yachifumu osamanga tayi.

"Mwini dziko, atiphulitsa."

"Atidziwa," inatero mfumu. "Kazembe wa Ndilinazo ali pakhondepo. Wanditchula dzina, osalakwitsa."

Bungwe loyendera mabomba linatumiza gulu la anthu ovala zipewa zoyera, atanyamula timakina tolira tikayandikira nyukiliya. Mtsogoleri wawo anali mayi Renata Solvik, amene kale anali wophunzira wa Pulofesa. Atangotsika ndege anamukokera pambali.

"Aphunzitsi, ndi zoona?"

Pulofesa anayang'ana uku ndi uku, natsitsa mawu. "Tilibe. Sitinakhalepo nalo. Machesi omwe timagula kwa aneba."

"Ine ndikukukhulupirirani. Koma munatiphunzitsa nokha kuti mawu a munthu mmodzi si umboni. Tiyenera kufunsa anthu."

Pulofesa anakumbukira kuti analembadi zimenezo, mutu wathunthu wa buku. Anavomera kukhala womasulira. Pokhala munthu wa malamulo, anamasulira chilichonse mmene chinanenedwera, ndipo apa ndi pamene panagona tsoka lake.

Anayambira ku msika wa Bwerani Mawa. Pachipata anapeza mayi Nasibeko, wogulitsa tomato, munthu amene pakamwa pake pankamveka mpaka kokwerera minibasi.

"Mayi," anafunsa mlendoyo kudzera mwa Pulofesa, "kuno kuli bomba la nyukiliya?"

Mayi Nasibeko anawayang'ana alendowo. Anali atachokera kutali, nkhope zitapsa ndi dzuwa, nsapato zitadzaza fumbi. Kuwabweza chimanjamanja kukanakhala kupanda umunthu.

"Mwachedwa pang'ono," anatero. "Linalipo m'mawawu."

"Mayi!" anatero Pulofesa m'chinenero chathu. "Mukudziwa chimene mukunenachi?"

"Inu masulirani, bambo, ndiyo ntchito yanu. Mukufuna ndiwauze anthuwa kuti akwera ndege ulendo wonsewu pachabe? Akatinena chiyani kwawo?"

Pulofesa anamasulira.

"Linali lalikulu bwanji?" anafunsa mayi Solvik, akulemba.

"Lapakatikati," anayankha mayi Nasibeko. "Lokwanira banja."

Wogulitsa makala wa pafupi sanafune kutsalira. "Akafunse kwa a Jelasi owotcherera zitsulo, kuseri kwa chigayo. Amakhala nawo abwino. Osati aku Nanenso aja, osachedwa kuchita dzimbiri."

A Jelasi anapepesa kwambiri. Anati lomaliza latengedwa ndi bambo wina wa njinga yofiira, wolowera chakumpoto. Kumpotoko anawalozera kuseri kwa phiri. Kuseri kwa phiri anawaphera nkhuku, nawauza kuti ndi pafupi pomwepa, akangowoloka mtsinje. Atawoloka, m'busa wa mpingo wina anawauza kuti iye salowerera za dziko, koma mlamu wake analiona. Oyendera anazungulira ufumu wonse. Ananenepa ndi nkhuku, natupa mapazi. Timakina tawo tinalira kamodzi kokha, pafupi ndi chiwaya cha kanyenya pa siteji ya basi, ndipo zimenezo sitinadabwe nazo.

Mayi Solvik anauza mabwana ake kuti munthu aliyense m'dziko muno, kuyambira nkhalamba mpaka ana asukulu, analionapo bombalo, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene waulula pamene lili. Anati pa ntchito yake yonse sanaonepo mtundu wa anthu wosunga chinsinsi chotere. Wayilesi yathu inawerenga mawu amenewa m'mawa uliwonse, nyimbo ya fuko itangotha.

Kumsika anthu ankacheza.

"Akuti tili ndi bomba."

"N'chifukwa chake magetsi sakuyaka. Akulitchaja."

"Ine ndingofuna andiuze tsiku lophulitsa, ndisachape zovala pachabe."

Kenako kuseka kunachepa. A Nanenso analengeza kuti Tiliponso akapanda kupereka bomba lake mvula isanagwe, iwo adzabwera kudzalitenga okha, ndipo sadzagogoda. Aneba anatseka malire. Mchere unasowa, mankhwala kuchipatala anasowa, ndipo nthawi imeneyi ogulitsa akamati zangotha kumene ankanena zoona, chinthu chimene chinawasowetsa mtendere.

Pulofesa anabwereranso kwa mfumu.

"Mwini dziko, liwu limodzi lokha. Mulinene motsitsa ngati mukufuna. Ine ndidzakweza pomasulira."

"Agogo anga," inatero mfumu, "anamwalira chaka cha njala yaikulu ija. Mawu awo omaliza anali akuti, 'Ndakhuta.' Iwe ukufuna ndikakumane nawo ndi nkhope yanji?"

Pulofesa anapita kwawo, nakhala pakhonde ndi pangano lake pamiyendo. M'panganomo munali ndime ina imene ankainyadira kuposa zonse. Anailembera maufumu aakulu aja. Inkati dziko limene lili ndi bomba, likalipereka kuti liphwasulidwe pamaso pa oyendera, likhoza kusayina nalonso, ndipo mawu ake olengeza ndi akuti, "Tapereka zonse." Moyo wake wonse anadikira kuti Ndilinazo kapena Nanenso adzaigwiritse ntchito. Palibe anaikhudza. Inali idakali yatsopano ngati suti ya ukwati umene unalephereka.

Anaiwerenga, natseka, naiwerenganso. M'ndimemo munalibe mawu otukwana aja.

Mfumu itamva inaimirira ndi chimwemwe. "Kupereka! Bwanji sunanene kale? Kupereka ndiye ife. Mlendo timamupatsa nkhuku yomaliza. Tipereke angati?"

"Limodzi likwana, mwini dziko."

"Awiri. Angatiyese amphawi."

"Limodzi, mwini dziko. Chonde."

Panatsala vuto laling'ono, lakuti chopereka chimafunika kuoneka. A Kaphimba anakhazikitsa komiti yofufuza chinthu chachitsulo, chachitali, chobulungira kumapeto. Komitiyo inayendera ufumu wonse nipeza chimodzi chokha: thanki ya madzi ya pamwamba pa chitunda, imene inkatumiza madzi m'mipope yonse ya mu Zikubwera.

"Thanki iyayi," anatero Pulofesa. "Anthu amwa chiyani?"

"Ina ikubwera," anayankha a Kaphimba.

Pulofesa anabadwira konkuno. Ankadziwa tanthauzo la yankho limenelo. Akanatha kukana, ndipo popanda iye mwambo wonse sukanachitika, chifukwa ndi iye yekha amene oyendera ankamudalira. Anakwera chitunda yekha, akupumira m'njira, nakaima pansi pa thankiyo. Anaganizira za mabomba a Nanenso oloza kwathu. Anaganiziranso, ndipo apa tisabise, za mzere wake uja. Potsika anakumana ndi mayi Nasibeko akuchokera kumpope ndi ndowa.

"Bambo, tamva kuti thanki yathu yakwezedwa pa udindo."

"Ndi za mtendere wa dziko lonse lapansi, mayi."

"Dziko lonse lapansilo limatunga kuti?"

Pulofesa anapitiriza kutsika. Kwa mfumu sanakakane za thankiyo. Sitimuweruza kwambiri, popeza penti tinanyamula ndife.

A Jelasi anagwira ntchito yabwino. Anawotcherera mphuno yosongoka kutsogolo ndi zipsepse kumbuyo, napenta mitundu ya mbendera yathu. Tsiku la mwambo bombalo linatsika chitunda pa ngolo yokokedwa ndi ng'ombe zovala maluwa. Kwaya ya amayi inali patsogolo. Apolisi ankakankha anthu kuti asayandikire, ndipo anthu, amene anamwa madzi a m'menemo chibadwire, ankabwerera m'mbuyo mwamantha ndithu. Pansi pa tenti panakhala akazembe a Ndilinazo ndi Nanenso, atavala magalasi akuda.

Mayi Solvik anayandikira ndi kamakina kake. Sikanalire. Anagogoda chitsulocho ndi chala. M'kati munamveka madzi akukhavuka. Pambali, pansi pa penti yatsopano, pankaonekabe zilembo zakale: TSEKANI MPOPE MUKATUNGA.

Anamuitana Pulofesa ndi maso.

"Aphunzitsi," ananong'ona, "ichi n'chiyani?"

Pulofesa anayang'ana ku tebulo. Pangano linali lotsegula patsamba lomaliza. Mfumu inali itagwira kale cholembera, ikuyeserera kusayina m'malere.

"Ndime imati chida chimene dziko lapereka kuti chiphwasulidwe," anatero. "Dziko lapereka."

"Mukulira chule m'katimu."

"Ndi mtundu wakale."

Mayi Solvik anamuyang'ana nthawi yaitali mphunzitsi wake, munthu amene kale anamulepheretsa mayeso chifukwa cholemba "mwina" pamene panafunika umboni. Kenako anayang'ana mapazi ake otupa. Anayang'ananso akazembe aja, amene kwawo sanamulolepo kukhudza ngakhale bawuti imodzi ya mabomba awo. Chikhazikitsire, bungwe lake linali lisanaphwasulepo bomba ndi limodzi lomwe. Anatulutsa chidindo.

Kazembe wa Ndilinazo nayenso anali ataona zilembo zija. Anaweramira kwa mnzake wa Nanenso.

"Mukuona zimene ndikuonazi?"

"Sindikuona kanthu. Akazembe athu a nkhondo ayamba kale kupanga mabomba atsopano chifukwa cha ili."

"Athunso."

Onse awiri anakonza magalasi awo, nayamba kuomba m'manja.

A Jelasi anayatsa moto wawo wowotcherera nadula bombalo pakati. Madzi otsala anakhuthuka, nayenderera mpaka pansi pa tenti. Khamu linakuwa n'kuthawa. Chule anatuluka, naima pang'ono kuyang'ana alendo, nalowera kuudzu. A Kaphimba analengeza pa chimkuzamawu kuti mpweya woipa wachotsedwa bwinobwino ndipo aliyense abwerere pamalo pake.

Mfumu inalankhula mpaka ng'ombe za pa ngolo zinagona pansi. Inati Tiliponso akanatha kuphulitsa dziko lonse lapansi tsiku lililonse limene akanafuna, koma analeredwa bwino. Inapempha mafumu anzake kuti atengere chitsanzo. Kenako inanena mokweza kuti, "Tapereka zonse," nisayina. Dzina lake linali lalikulu, moti linakwera pa mizere ya mayiko ena atatu oyandikana nawo.

Pulofesa anatenga pepalalo naliuzira kuti inki iume. Amene anali pafupi amati iye analira, koma sagwirizana za mtundu wa misoziyo.

Malire anatsegulidwa. A Nanenso anatembenuza mabomba awo kuti aloze kwina, ndipo ena a ife tinamva ngati atiiwala msanga. Maufumu awiri aakulu aja anayamikira kwambiri chitsanzo cha Tiliponso, nasunga mabomba awo onse. Kuchokera kunja kunabwera mendulo yagolide ya Pulofesa Mtambalika, munthu woyamba kunyengerera ufumu wa nyukiliya kutaya zida zake zonse. Mabuku ake onenepa aja, amene munali zoona zokhazokha, palibe ankawatsegula. Koma nkhani ya tsiku limeneli inayamba kuphunzitsidwa m'mayunivesite, ndipo ophunzira amakhoza nayo mayeso. Mfumu inalamula kuti mendulo izivalidwa nthawi zonse Pulofesa akatuluka panja, kuti alendo aziona.

Mipope ya mu Zikubwera inauma. Mtsinje uli kumunsi kwa chitunda, ndipo njira yake ndi yoterera.

M'mawa wina amayi otunga madzi anaona nkhalamba ikutsetsereka ndi ndowa yatsopano, itavala jekete, mendulo ikulendewera pachifuwa. Inaima kumapeto kwa mzere. Amayi anafuna kuipatsa malo kutsogolo, koma inakana. Nthawi yake itakwana inatunga, niyesa kunyamula ndowayo ndi dzanja limodzi ngati chikwama cha mabuku. Madzi anatayikira m'nsapato.

"Osatero, bambo," anatero mayi Nasibeko. "Kunja kuja sanakuphunzitseni chilichonse?"

Anavula mpango wawo, naupinda kukhala nkhata, namuika Pulofesa pamutu. Amayi awiri anamusenzetsa ndowayo. Khosi lake linalowa m'mapewa. Anayamba kukwera chitunda pang'onopang'ono, madzi akudonthera pa mendulo.

"A Pulofesa!" anakuwa mayi Nasibeko kumbuyo. "Mtendere wa dziko lonse uja, ukulemera?"

Pulofesa sakanatha kucheuka, chifukwa cha ndowa.

"Pang'ono," anatero, napitiriza kukwera.